Kumene kredito wa amayi ankathera

Foni ndinawagulira amayi chaka chimene ndinapeza ntchito yokonza magalimoto onyamula malasha ku Moatize. Iwo ankakhala ku Zóbuè ndi mlongo wanga, amene anasiya geni yake ya mbatata kuti aziwasamalira. Amayi sadziwa kuwerenga. Pa foniyo ankadziwa batani limodzi lokha, loyankhira, ndipo woimba ndinali ine, Lamulungu lililonse masana. Kredito woimbira foni ndinkawatumizira kuti akadwala, mlongo wanga athe kundidziwitsa. Koma mwezi usanafike ndi pakati pomwe, kredito yense psiti.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Tsiku lina ndinamufunsa mlongo wanga ngati ndalama zanga ndi zoimbira zibwenzi zake. Iye anati, "Achimwene, mwezi ukatha mubwere mudzawatenge amayi anu. Ine ndatopa." Ndikanawaika pati? Ndinkagona m'kachipinda kamodzi kudera la 25 de Setembro, fumbi la malasha mpaka m'mano.

Komabe nkhaniyo inkandisowetsa mtendere, choncho ndinapita ku ofesi ya kampani ya mafoni. Mayi wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti nambala imeneyo sinaimbirepo munthu. Anati foni ikakhala kunja kwa dziko, ngakhale kuyankha kumene kumadya ndalama, ndipo iyi Lamulungu lililonse imakhala ku Malawi. Ndinaseka. Amayi anga, ndi mawondo awo aja?

Loweruka ndinakwera shapa, minibasi ya ku Zóbuè. Mlongo wanga anandipatsa moni wapakamwa chabe. Ndinatenga foni ija n'kuzungulira nayo nyumba, kukhola, kuseri kwa nkhokwe, poganiza kuti mwina imakoka mlongoti wa mafoni wa kutsidya ku Malawi, poti malire ali pafupi. Ayi ndithu, sinasinthe.

Mawa lake titachoka ku Misa, amayi anamanga foni pansonga ya chitenje n'kutenga ndodo. Ndinati ndiwaperekeze, sanakane. Tinadzera kanjira ka m'minda, tinapitirira chipilala cha simenti cha malire, foni n'kulira: uthenga wotilandira ku Malawi. Patsogolo pang'ono panali msitu wa manda. Poti kumanda salowa wamba, anakhala pamwala m'mphepete mwake, ndipo mwalawo unkaoneka kuti unawazolowera.

Apa m'pamene tinaika bambo nthawi imene tinathawira nkhondo. Ife tinabwerera kwathu, iwo anatsala.

"Bambo ako anakusiya usanathe kutchula ndi dzina lako lomwe," anatero amayi. "Ukamaimba ndimatembenuzira foni uko, kuti amve kuti mawu ako anakula."

Ndinali nditakonzeka kuwafotokozera za malire ndi milongoti, koma zonse ndinazisiya. Manyazi anandigwira kwambiri. Ndiye kuti miyezi yonse ija bambo ankandimva ndikudandaula za ndalama.

Titabwerera ndinamupeza mlongo wanga akusenda nyemba, ndipo ndinapepesa nditagwada. Anangondikankhira lichero kuti ndisende nawo. Mwezi unatha iye osatchulanso zoti ndidzawatenge amayi.

Amayi sindinawauze kuti kukhala pamwala paja kumadya ndalama, ndipo mlongo wanga ndinamupempha kuti asawauze. Kredito ndinangowonjezera. Lamulungu lotsatira atayankha, ndinamva mphepo ikuwomba m'mitengo. Ndinapereka moni kwa amayi, kenako ndinakweza mawu pang'ono n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?"