Ana sawerengedwa ngati mbuzi

Lachinayi, mwezi wa Meyi, 1924. Ndinali pakhonde kusenda nsawa, ndipo manja anga ankaziika m'timilu ta khumi khumi ndisanaganize n'komwe. Nditazindikira, ndinazisakaniza msanga amayi asanaone.

Kusukulu ya mishoni ya m'mudzi mwathu, kutsidya kwa mtsinje wa Katete, ikafika nthawi ya masamu atsikana amapita kwa akazi a aphunzitsi kukasoka. Ine ndekha ndinkatsala, kumbuyo kwa anyamata. Anzanga ankandiseka. "Iwe, masamuwo adzakumangira nyumba? Kapena adzakubereka kumsana?" Ine ndinkangopitiriza kulemba pasileti langa. Aphunzitsi anali atanena kuti wodziwa masamu adzamutumiza kumishoni kuti akaphunzire uphunzitsi. Ankayang'ana anyamata ponena zimenezo, koma inenso ndinamva.

Mwezi watha anatipatsa ntchito yoti tikawerenge ana a pakhomo pathu. Madzulo ndinawaimika pamzere, ndikuloza mmodzimmodzi, mpaka khanda lathu limene linali kumsana kwa amayi. Linagwira chala changa n'kuseka.

Amayi aakulu, akulu awo a amayi, anaponya lichero pansi. "Mwanawe! Ana sawerengedwa ngati mbuzi. Ukufuna imfa idziwe kuti alipo angati?"

Khandalo linayamba kutsokomola nyengo itayamba kuzizira. Tinaliika m'manda sabata yatha.

Palibe amene wandinena pamaso. Aphunzitsi anabwera pamaliro ndipo anandiuza kuti chifuwa chomwechi chatenganso ana kumidzi kumene kulibe sukulu. Ndikudziwa kuti akunena zoona. Koma kuchitsime amayi a m'mudzi amaleka kulankhula ndikafika, ndipo wina anakokera mwana wake kumbuyo kwa nsalu yake.

Amayi anga sanakalipe. Dzulo ndinawapeza atanyamula sileti langa, akuliyang'ana mozondotsa, pakuti sadziwa kuwerenga. "Mwana wanga," anatero, "zinthu izi zisiyire alongo ako. Amuna amawerenga za kutali. Ife timakhala ndi ana." Maso awo anali otupa. Akanandimenya, mwina ndikanalimba mtima.

Masamu ndimawakonda. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndimawakondabe. Yankho likatuluka bwino, mumtima mwanga mumakhala bata.

Mawa ndipereka sileti kwa mlongo wanga wamng'ono. Aphunzitsi akamati "Masamu!" ndidzadzuka pamodzi ndi atsikana anzanga n'kukapempha singano.