Windo Lakuda la Sumaiya

Sumaiya anabadwira ku Katuli, kumene netiweki imabwera ikafuna yokha. Bambo ake anali telala ndipo ankafuna kumusiyira makina osokera, koma mtsikanayo anali wamakani. Anakakamira za kompyuta mpaka anakaziphunzira ku Zomba. Atabwerako anachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya Che Wadi, pafupi ndi msika wa pa boma la Mangochi, nayamba kuphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu. Kachipindako kanali kotentha ngati uvuni, koma kanali ndi magetsi, ndipo pa boma ponse panalibe kena komwe akanakwanitsa.

Zophunzitsira ankazitenga m'nkhokwe za pa intaneti, momwe akatswiri amasungamo makodi awo kuti aliyense atenge ulere. Vuto lake, nkhokwezo n'zazikulu, ndipo ukafuna foda imodzi umakakamizika kukoka zonse. Bandulo inkatha, netiweki n'kudukira panjira, iye n'kuyambiranso. Atatopa nazo analemba kapulogalamu kakekake. Umatsegula windo lakuda, n'kulembamo adiresi ya nkhokwe ndi dzina la foda, ndipo foda yokhayo imatsika. Ntchito yake inali yomweyo basi.

Koma anthufe! Mayi wina wogulitsa usipa wouma anaberedwa pafoni ndi akathyali amene amaimba n'kumati wapata mphoto. Polira, anakumbukira kuti tsiku lina anasuzumira kwa Sumaiya n'kuona zilembo zoyera zikuthamanga pagalasi lakuda, monga zimachitira m'mafilimu akuba akamathyola banki. Umboni unali womwewo. Pofika Lachinayi msika wonse unali utagamula mlandu. Makolo analetsa ana awo kupitako, ndipo amuna akuluakulu andevu zawo ankazimitsa mafoni akamadutsa pakhomo pake. Ndi anthu omwewa amene Sumaiya ankawatsegulira mafoni akaiwala nambala zachinsinsi, osawalipiritsa kanthu. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Lachisanu, pochokera ku mzikiti, Che Wadi anaima pakhonde la sitolo yawo, anthu ali bii, nalengeza kuti pamalo pawo sasunga mbava, ndipo mwezi ukatha Sumaiya atuluke. Iye anatulutsa laputopu kuti awaonetse zimene kapulogalamuko kamachita. Che Wadi anakana n'kuyang'ana komwe, ati maso awo angadetsedwe. Anthu anawayamikira kuti ndi bambo woopa Mulungu.

Sumaiya sanalire pagulu. Analowa n'kupitiriza kuphunzitsa atsikana awiri amene anatsala.

Masiku angapo mwezi usanathe, masana msika utazizira, Che Wadi analowa m'kachipindamo okha n'kutseka chitseko. Anafunsa za moyo wa bambo ake ku Katuli, anadandaula za kutentha, anazungulirazungulira mpaka anafika pamene ankafuna. Anati mkazi wawo wamng'ono masiku ano amangosekerera foni, ndipo iwo akalowa amaibisa m'chitenje.

"Mwanangu, iwe uli ndi luso," anatero monong'ona. "Lowa m'foni mwakemo ndi chinthu chako chakudacho, unditengere mauthenga ake okhawo. Ukatero chipindachi ukhalamo, ndipo anthu ndikawauza ndekha kuti anakunamizira."

Apa m'pamene Sumaiya anazindikira kuti bambowa sankadana ndi kuba, ankangofuna kuti wakubayo akhale wawo. Anawafotokozera mwaulemu kuti kapulogalamuko kamangotenga zimene eni ake anaika poyera, kuti m'foni ya munthu sikangalowe, ndiponso kuti ngakhale kakanatha, iye sakanachita.

Che Wadi anaseka, ati asawayese mwana. Anamuuza kuti aganize bwino, chifukwa chipinda chamagetsi pa boma sichipezeka wamba. Zimenezo zinali zoona, ndipo Sumaiya ankadziwa kuti akatuluka pamenepo sukulu yake yatha.

Anazula mawaya pakhoma, nawakulunga bwinobwino, n'kuika laputopu m'chikwama. Kenaka anatsegula chitseko chonse kuti a pamsika amve.

"Bambo, kiyi wanu uyu. Koma mukatuluke ndinu poyamba, mukawauze anthuwa chimene munatsekera chitseko."