Tsiku limene a Pulofesa anavomera

Azakhali anga salemba ndi bolopeni. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene agwira ntchito pa sukulu ya ophunzira digiri yachiwiri, amalemba ndi pensulo basi. Ophunzira amawatcha Mayi Pensulo, iwo n'kumayankha ndithu.

Anayamba ngati wotayipa makalata. Bambo amene ankakonza ndandanda ya maphunziro atapuma pantchito, chipepala chawo chachikulu chinaikidwa pa desiki ya azakhali, ati angogwirizira kwa sabata ziwiri. Mpaka lero sabata ziwirizo sizinathe. Ine ndimakhala kwawo, ndipo masana ndimayendetsa makina a fotokope mu ofesi yomweyo, kuseri kwa kabati ya mafayilo.

Zipinda zophunziriramo zilipo zisanu, pulojekita yogwira ntchito ndi imodzi. Aphunzitsi alipo khumi ndi asanu ndi anayi, aliyense ndi tsiku lake limene sakhudzidwa. Ophunzira nawo si ana: wina ndi wapolisi, wina ali ndi khanda, wina amachita kupempha kwa bwana wake kuti abwere. Azakhali amafufuta mpaka pepala kubooka. Kunyumba, foni ikalira tikudya, amuna awo amangoti, "Yankhani, ndi amuna anu enieni amenewo. Ine ndine wogwirizira."

Wovuta kuposa onse ndi a Pulofesa, mkulu wa aphunzitsi. Iwo savomera nthawi yoyamba imene mwawatchulira. Ukati Lachiwiri, akuti sizingatheke. Ukati masana, akuti m'mawa. Azakhali anazitulukira kalekale, ndiye amayamba ndi kutchula nthawi imene sakuifuna, a Pulofesa akane, kenaka asankhe okha imene azakhali analemba kale.

Teremu yathayi panali wophunzira wina, nesi wa pachipatala china chakutali, ulendo wa maola asanu ndi limodzi pa basi. Panatuluka mwayi wokaphunzira kunja miyezi itatu, malo amodzi okha, ndipo iye ndi amene ankayenerera. Koma fomu yake imafunika kuti ayambe wafotokoza za kafukufuku wake pa semina, aphunzitsi atatu asayine, fomuyo ifike ku ofesi ya pamwamba isanakwane 4 koloko Lachisanu la sabata yotsatira. A Nesi anasinthana mashifiti ndi anzawo awiri kuti apeze Lachisanulo. Tsiku lina analibe.

Azakhali anagwira aphunzitsi awiri, mayi Dokotala ndi a Dokotala aatali, onse anavomera Lachisanu 2 koloko. Anatsala a Pulofesa. Tinapita tonse, ine nditanyamula mapepala awo amene ndinajambula.

"Pulofesa, semina ya a Nesi ija ndimati Lolemba 7 koloko m'mawa."

"Chabwino."

Azakhali anaima, pensulo ili m'malere.

"Ndati 7 koloko ya m'mawa, Pulofesa. Lolemba."

"Ndamva, mayi. Masiku ano ndikudzuka tambala asanalire. Mwana wanga wachira, kamdzukulu kali kunyumba kwathu." Anatulutsa foni n'kutionetsa zithunzi zisanu ndi zinayi za khanda logona. Kenaka anatsegula buku lawo la masiku n'kulemba Lolemba ndi inki.

"Kungoti zipinda zonse zili ndi anthu nthawi imeneyo," anatero azakhali.

"Tichitira muno."

"Pulojekita ndiye..."

"Ife tinaphunzira popanda zimenezo."

Titatuluka, azakhali anatsamira khoma. "Zaka zonsezi munthu ameneyu sanavomerepo kanthu. Wasankha lero."

Kunena chilungamo kunali kosatheka. Akanati, "Ndimafuna Lachisanu," a Pulofesa akanakana, chifukwa chimene alemba ndi inki chimakhala mawu awo. Komanso akanazindikira kuti zaka zonsezi akhala akuyendetsedwa, ndipo ndandanda ya teremu iliyonse ikanafera pomwepo. Lolembalo mayi Dokotala anali ndi kalasi, a Nesi anali pa ntchito.

Masana a Nesi anaimba foni. Mawu awo ankamveka mpaka kuseri kwa kabati.

"Mayi, ndamva zoti Lolemba. Ndiye ndiwauze chiyani anzanga aja? Wina wasiya ukwati wa mng'ono wake chifukwa cha ine."

"Musauze munthu kanthu. Gulani tikiti ya Lachinayi usiku."

"Mukutsimikiza?"

"Ayi. Koma gulani."

Azakhali sanama. Amapotoza njira, koma bodza lenileni ayi, amati m'kamwa mumawawa. Tsiku lotsatira anatsitsa mafayilo a misonkhano ya aphunzitsi, fumbi lokhalokha, n'kumawerenga akuyetsemula mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Mu fayilo ya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo anapeza chimene ankafuna. A Pulofesa ndi a Dokotala aatali sagwirizana chiyambire pamene analimbirana ofesi ya mawindo awiri.

Azakhali anatayipa chidziwitso cha Lolemba n'kupita nacho kuti a Pulofesa asayine chisanakhomedwe pa bolodi. Ine anandiuza kuti ndinyamule fayilo ija, tsamba lili chotsegula.

"Sayinani apa, Pulofesa. A Dokotala aatali ndiye zawayendera. Paja anapempha pa msonkhano kuti masemina azichitika Lolemba m'mawa, inu munakana. Zili apa."

A Pulofesa anavala magalasi. Anawerenga tsambalo kawiri.

"Ndiye azikanena kuti ndatsatira maganizo awo?"

"Ine sindikudziwa zimene azikanena."

Bolopeni inadutsa pa Lolemba mwamphamvu mpaka kung'amba pepala.

"Ikani Lachinayi."

Azakhali sanaphethire n'komwe.

"Zitheka. Lachinayi a Dokotala aatali ali omasuka tsiku lonse."

"Nanga Lachisanu?"

"Lachisanu ndiye chifundo. Akutuluka m'kalasi 2 koloko, angafunike kuthamanga osadya."

"Lachisanu 2 koloko. Lembani."

Azakhali anagwira pensulo pa chipepala chawo n'kudutsitsa pa zilembo zimene zinalipo kale.

Lachisanu a Nesi anafika m'mawa, maso ofiira ndi ulendo, bulauzi atasita pa nyumba ya mlamu wawo. A Pulofesa analowa hafu pasiti 2. A Nesi anafotokoza mphindi makumi awiri, a Pulofesa anafunsa funso limodzi lotenga mphindi makumi anayi, n'kuliyankha okha. Azakhali anaima pakhomo ndi chidindo m'manja, akuyang'ana wotchi ya pakhoma ngati ali nayo mlandu. Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 4 koloko ikwane, analowa osagogoda n'kuika fomu pamwamba pa zolemba za a Pulofesa, bolopeni yovundukula kale. Atatu onse anasayina. Chidindo chinagunda pa tebulo pomwepo, a Nesi n'kuliyatsa la kumasitepe.

Potuluka, a Pulofesa anaima pa desiki ya azakhali.

"Mayi, muziganizirako anthu pokonza ndandanda. Munthu wochokera kutali chonchi mungamuike Lolemba m'mawa? Chikhala kuti sindinalowererepo, bwenzi mwayi wake utapita."

"Ndamva, Pulofesa. Ndisintha."

Chitseko chitatsekeka, azakhali anayamba kusongola pensulo imene inali yosongoka kale.

A Nesi anatsika akupuma mwawefuwefu, nsapato zili m'manja.

"Alandira, mayi. Amatseka windo ndikufika."

Azakhali sanadzutse mutu.

"Khalani pansi, mumwe madzi. Ndipo mukapita kunjako, phunzirani zonse zimene mungathe, koma chonde musabwereko muli Pulofesa."