Juzi Yanga Yofiira

Chaka chino cha 2004 ndakwanitsa zaka 62. Dzulo m'minibasi ya ku Migowi ndinaona khanda litafunda shawelo ya timitima tofiira. Ndinayang'ana kumbali.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ali oyembekezera, anamasula juzi yanga kuti apeze ulusi. Ankaluka timitima pashawelo ya khandalo ndi sipoko ya njinga yopinda kunsonga. Munali mu Juni, mphepo ya m'phiri ikulowa m'mafupa.

"Amayi, ine ndivala chiyani?"

"Ndiwe mwamuna, pirira. Mng'ono wako abwera ali maliseche."

"Asabwere!" ndinakuwa.

Anabadwa wakufa. Azimayi akuluakulu anamukulunga m'shawelo momwemo, nakamuika kudambo popanda wolira. Ndinaima pakhomo ndikunjenjemera, ndikuwerenga chamumtima: juzi imodzi, timitima khumi ndi tinayi, mng'ono mmodzi.