Makutu ndi Gitala ya Apongozi Ake

Dzina loti Makutu anamupatsa ndi oimba, chifukwa munthuyu amamva ngakhale mpando ukalira mkati mwa nyimbo. Situdiyo yake ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya telala. Makoma anawamata ndi matiresi akale, ndipo fani ilimo koma saiyatsa, ati phokoso lake limalowa mu maikolofoni. Oimba amatulukamo thukuta lili kamukamu, iye nʼkumati bola nyimbo yatuluka yoyera.

Ntchito yake yambiri ndi yolandira nyimbo zojambulidwa kwina. Wina amajambulira mu pulogalamu yake ya pakompyuta, iye amasakanizira mu ina, ndipo mapulogalamuwo samvana. Choncho ngʼoma, gitala ndi mawu zimabwera chilichonse mu fayilo yakeyake. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo analimata pachitseko: fayilo iliyonse iyambire pachiyambi penipeni pa nyimbo, ngakhale mwini wake atakhala chete kwa mphindi yathunthu asanalowe. Mpata wopanda mawuwo ndi umene umasonyeza aliyense malo ake.

Amene anadzaswa lamuloli ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, katswiri wa chilichonse chomwe anachionapo kamodzi. Zaka zitatu zapitazo mlamuyo anabwereka mamaikolofoni asanu nʼkujambula bambo ake akuimba gitala pabalaza, ana awo aakazi akuvomereza. Chijambulireni, manja a mkuluyo anayamba kunjenjemera, moti lero kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Gitalayo sadzaiimbanso. Nyimbo imodzi imeneyo ndiyo yatsala, ndipo banja linagwirizana kuti mkamwini aikonze.

"Ndakupeputsirani ntchito, alamu," anatero mlamuyo, akuponya patebulo fulashi yosungira mafayilowo. "Malo onse opanda mawu a kumayambiriro ndadula. Mafayilo apepuka bwinobwino."

"Laputopu yomwe munajambulira ili kuti?"

"Ija inapsa kalekale. Koma inu si Makutu kodi?"

Makutu anatsegula mafayilowo nʼkuwaseweretsa. Onse anayambira pamodzi ngati anthu okanganirana mpando wa mʼbasi: gitala ili koyambirira, mkazi wake ali kale pa kolasi, mchemwali wa mkaziyo akulowa vesi yachiwiri. Telala anasiya makina nʼkudzasuzumira, nʼkufunsa ngati ndi nyimbo zamakono zimenezo.

Masiku awiri anakhala akukankha mafayilo ndi mausi, uku pangʼono, uko pangʼono. Vuto linali loti apongozi ake sankaimba motsata wotchi. Akasangalala ankathamanga, akafika pa mawu omwe ankawakonda ankazengereza, ndiye ukalunzanitsa poyamba, pakati pankakusiya. Kunyumba mkazi wake sankanena zambiri. Ankangomuikira chakudya nʼkuti, "Nyimbo za anthu osawadziwa mumakonza tsiku limodzi." Apa Makutu anachita mantha enieni, kuti ulemu wa zaka khumi za ukamwini uthera pa gitala.

Tsiku lachitatu mʼmawa anasiya kumvetsera nʼkuyamba kuyangʼana. Pa mzere wosonyeza mawu a fayilo ya gitala pakompyuta, chapakati, panali kachotupa kakangʼono pamalo oti mkuluyo sanakhudze nsambo. Anapita pa fayilo ya mkazi wake, kachotupa komweko. Pa zina zitatu, chimodzimodzi. Anakweza voliyumu. Munthu wina pabalazapo anatsokomola kamodzi, ndipo mamaikolofoni onse asanu anamugwira. Makutu anandanditsa zotupa zisanuzo mzere umodzi, nʼkudina. Gitala inalowa yokha mwaulemu, ana aakazi nʼkuipeza pamalo ake, ndipo nyimbo inalongosoka. Anayatsa fani kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho.

Chomwe chinatsala ndi kuyeretsa, ntchito yomwe amaikonda kuposa zonse. Anali atazunguliza kale chifuwa chija kuti achifufute pamene chitseko chinatseguka. Mkazi wake anali atabwera ndi bambo ake, osachenjeza.

"Tamva kuti yatheka, akamwini. Telala ndiye waulula," anatero mkuluyo.

"Yatsala pangʼono, bambo. Muli kazinyalala kamodzi koti ndichotse."

"Tiimve momwemo."

Anawakhazika pa mpando wabwino, nʼkuwaveka mahedifoni. Mkuluyo anabisa manja pakati pa mawondo, koma zala zakumanzere zinkayendabe zokha, kufunafuna nsambo. Anamwetulira pomwe ankathamanga, anapukusa mutu pomwe mwana wawo wamkulu anachedwa kulowa. Kenako nkhope inasintha.

"Bwezani pangʼono."

Makutu anabweza.

"Bwezaninso."

"Ndi kazinyalala kaja, bambo. Ndikachotsa pompano."

Mkuluyo anavula mahedifoni pangʼonopangʼono nʼkuyangʼana mwana wawo.

"Awa ndi amayi ako. Anakhala pakona paja tsiku limenelo. Mchimwene wako anawauza kuti asayankhule, ndiye anapirira nyimbo yonse, chifuwa chokha ndicho chinawakanika."

Mayiwo anali atamwalira chaka chathachi, ndipo ankakana kujambulidwa ngakhale pa foni. Makutu anachita manyazi kwambiri. Makutu ake omva mipando ija sanazindikire munthu yemwe anamudyetsa zaka khumi. Anachotsa dzanja pa mausi.

"Musachotse, akamwini," anatero mkuluyo, akuvalanso mahedifoni ndi manja onse awiri. "Ngati zingatheke, mukweze pangʼono pamenepo."