Ndalama Yogona ya Atelala

Munthu aliyense ali ndi chomwe chimamupezetsa tulo. Ena ndi loko wamkulu pachitseko, ena ndi mwana wolandira pamwezi. Atelala a pakhonde la sitolo ya nsapato, tulo tawo tinali pa mtengo wa makina osokera.

Nkhaniyi inayamba chaka chomwe anakwatira. Makina awo akale anathyoka chitsulo cha m'kati, amisiri onse n'kupukusa mitu, ndipo banja latsopanolo linatha miyezi inayi likudya kwa alamu awo. Alamuwo sanali munthu woipa ayi, kungoti anali ndi kachifuwa kamene kankawagwira mlendo akamawonjezera chakudya m'mbale. Atelala atapezanso makina analumbira kuti kubanki kuzikhala ndalama yokwana kugula makina atsopano tsiku lomwelo, osagwadira munthu.

Motero anatsegula maakaunti awiri. Ina ankaitcha yoyendayenda. Imeneyo inali ya lendi, magetsi, sopo ndi fizi ya ana, ndipo inkayendadi, mwina pofika pa 20 n'kupezeka yasamukiratu. Inzakeyo ankaitcha yogona, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti wogonayo sadzutsidwa.

Pakhondepo nkhani ya ndalama zosunga sinkatha. Wogulitsa nsapato ankati munthu akakhala ndi ya mlungu umodzi basi wapata, za mawa zidziwika mawa. Aphunzitsi ena, amene ankabwera kudzachepetsa mathalauza, ankati anawerenga kuti banja lanzeru limasunga malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale iwowo anali asanaionepo ndi maso ndalama yoteroyo. Atelala ankangopalasa makina awo, tepi ili m'khosi, n'kuyankha mwachidule.

"Makina amodzi, akulu. Osachepera, osapitirira."

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankavala jekete, n'kupita kusitolo yogulitsa makina kukaona mtengo. Ukakhala pomwepo, ankabwerera akuimba mluzu, atagulako nyama. Ukakwera, shuga m'tiyi ankatsika, minibasi n'kuiwalika, mpaka yogona ija itaupezanso mtengowo. Mwini sitoloyo anawazolowera moti ankawatulutsira mpando.

"Mwabwera kudzaona chibwenzi chanu, atelala? Zaka makumi awiri mukufunsira, ukwati wake udzachitika liti?"

"Bola adziwe kuti ndilipo," ankatero iwo, akusisita chitsulo chonyezimiracho.

Akazi awo, amene ankagulitsa mazira ndi sopo pawindo la kunyumba, ankaseka nazo koma osatsutsa. Nzeru imeneyi inawaleretsa ana atatu popanda kugona ndi njala. Komanso mwamuna amene chibwenzi chake ndi chitsulo savuta kukhala naye.

Vuto linabwera mwakachetechete, ndipo silinabwerere kumakina. Makinawo anali bwinobwino, akulira ngati atsopano. Atelala ndiwo anayamba kudandaula kuti singano za masiku ano zikubwera ndi timabowo tating'ono. Kenako anati dzuwa la pakhondepo likuthobwa m'maso. Atasunthira kumthunzi anati kwada. Tsiku lina mayi wa sukulu ya mkaka anabweza malaya khumi a yunifolomu, matumba onse atapendekeka, n'kunena mwaulemu kuti chaka chamawa ayesako kwina. Zinawapweteka kwambiri Atelala, chifukwa ntchito ya sukuluyo anali ataigwira zaka zisanu ndi zitatu.

Akazi awo anachita kuwakoka dzanja popita kuchipatala. Adokotala anaunika n'kunena kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo imachotseka. Pa mzere waulere akanadikira chaka ndi miyezi. Kolipira akanawapanga opaleshoni mwezi womwewo. Atatchula mtengo wake, Atelala anawerengera chamumtima. Inali pafupifupi yogona yonse, n'kungotsala yogulira malamba ndi mafuta a makina.

"Tidikira," anatero ali panjira.

"Tidikira chaka, makasitomala adikira nafe?"

"Mayi, ndalama ija ndi ya makina. Mukudziwa inu."

Anatha milungu iwiri akukanirira pomwepo. Mantha awo anali enieni. Akangoganiza za akaunti yopanda kanthu, tulo tinkawathawa. Ntchito nayo inkachepa. Anthu ankadutsa pakhonde ndi nsalu zawo m'khwapa, n'kupereka moni wautali kwambiri, kenako n'kukhotera kwa telala wa kuseri.

M'mawa wina akumwa tiyi, akazi awo anaika singano ndi ulusi woyera patebulo.

"Bambo a ana, lowetsani ulusiwu. Mukalowetsa, nkhani ya chipatala sindiiyambanso mpaka kufa."

Atelala anati zimenezo ndi zachibwana. Ananyowetsa ulusi ndi malovu, n'kuloza pawindo, n'kuphonya. Anaudula ndi mano, n'kuphonyanso. Anatembenuza singano, anatsinzina diso limodzi, anaimirira, anakhalanso pansi. Tiyi anazizira. Akazi awo sanaseke, ndipo kusaseka kwawoko n'kumene kunalasa kwambiri.

"Tiyerekeze makina afa lero," anatero mayiwo mofatsa. "Mwapita kwa chibwenzi chanu chija, mwalipira, mwabwera nacho pamutu. Asoke ndani?"

Atelala anaika singano ija patebulo. Zaka zonsezi ankasungira chitsulo, osaganizako kuti wopalasa chitsulocho nayenso amatha.

"Kanditengereni jekete," anatero.

Kubanki mtsikana wa pakauntala anachita kuwaikira chala pamalo osainira. Potuluka ankayenda pang'onopang'ono, ngati munthu amene wasiya chikwama m'basi.

Diso loyamba analipanga Lachiwiri. Kutacha, namwino anamatula bandeji, n'kuwauza kuti atsegule pang'onopang'ono. Poyamba kunali kuwala kokhakokha. Kenako anaona mng'alu pakhoma, ntchentche pawindo, ndi zikhadabo zawo zomwe zimafunika kuwenga. Anatulutsa foni n'kuwerenga okha uthenga wakubanki, umene masiku onsewa ankaopa kuuza munthu kuti awawerengere. Yotsalayo inali yochititsa manyazi, koma manambala ake ankaoneka bwino zedi, moti anawerenga kawiri chifukwa chongosangalala.

Ndiye anatembenukira kwa akazi awo, amene anakhala pabenchi ndi fulasiki pamiyendo. Imvi zinali zitachuluka kuposa mmene ankadziwira, koma nkhope inali yomwe ija. Maso awo anatsikira pa diresi, n'kuima pomwepo. Inali nsalu yobiriwira ya mbalame zachikasu, ndipo mbalame zonse, kuyambira pachifuwa mpaka m'munsi, zinali chadodolido, miyendo m'mwamba. Kolala mbali ina inali yaitali. Mkono wakumanzere unasokedwa ndi ulusi wofiira.

"Mayi, anakusokerani ndani chinthu chimenechi? Ameneyo ndi wofunika kumulanda sizasi!"

"Telala wina wake wotchuka," anayankha mayiwo akuthira tiyi. "Amakhala pakhonde la sitolo ya nsapato."

Atelala anagwira pakamwa. Analikumbukira tsopano. Analisoka chaka chatha, la pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndipo anadzitama nalo mlungu wathunthu.

"Munavala limeneli pa ukwati? Pamaso pa asewere?"

"Ndinavinanso nalo. Zithunzi zilipo, mukaziona bwino tsopano."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanamva? Mukanati nsalu za masiku ano zikubwera zozondoka. Ofunsa ndinkawauza kuti ndi fasho yatsopano. Amayi awiri anafuna lotere, ndinawakaniza."

Atelala anaseka mpaka namwino anabwera kudzawaletsa, akuti diso likadali lanthete. Misozi inkatsika ndithu, ndipo sinali ya kuseka kokha. Anagwira mkono wa ulusi wofiira uja, n'kuutembenuza ndi zala zawo za ntchito.

"Tikafika kunyumba mukavule. Ndikalimasula lonse, mbalamezi ziimirire."

Akazi awo anachotsa dzanjalo mwaulemu, n'kuwongola kolala yawo yopotokayo.

"Ili ayi, bambo. Ili musalikhudze. Munalisoka musakuona, komabe munandisokera. Mukafuna, mukasoke lina."