Azakhali ndi Kambale Kosweka

Azakhali anga ankaopa dothi. Amuna awo anaponda msomali m'dimba, patatha sabata nsagwada zinauma, msana unapindika ngati uta, ndipo kafumbata anawatenga azakhali akuona. Kuyambira pamenepo, mwana akalowa m'nyumba ndi matope kumapazi, ankamukhula mpaka kulira.

Koma wa ana anayi sasankha ntchito. Yomwe inapezeka inali yotsuka timbale tagalasi mu labotale yoyeza dothi. Akatswiri a mmenemo ankasungunula dothi m'madzi n'kudonthezera m'timbalemo kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tichulukane, pofunafuna tomwe tingatulutse mankhwala. Azakhali ankavala magolovesi awiriawiri, anzawo n'kumawaseka kuti kwatsala n'kuveka mphuno.

Tsiku lina kambale kamodzi kanafika kusinki kasanadutse mumphika wa nthunzi wophera tizilombo. Kanali ndi timadontho totuwa ngati choko, tonunkhira ngati mvula yoyamba. Azakhali atazindikira anadzidzimuka, kambale kanawapulumuka n'kusweka, galasi linaboola magolovesi n'kuwacheka pachikhatho.

Sanauze munthu. Anamangapo kansanza n'kupitiriza ntchito. Kwa masiku atatu ankadzitsekera m'chimbudzi, kumayasamula pagalasi kuti aone ngati nsagwada zikutsegukabe. Chakudya chinkawakanika, ndipo kukanikako n'komwe kunkawaopsa koposa. Anaitana mwana wawo wamkulu n'kumuonetsa pomwe ankasunga mapepala a nyumba.

Tsiku lachinayi dzanja linatupa. Mkulu wa labotale anawaona akunyamula ndowa ndi dzanja limodzi, anawafunsitsa mpaka anaulula, ndipo anawatengera kuchipatala. Namwino anatsuka balalo, anawabaya katemera wa kafumbata n'kuwapatsa mapilitsi. Pobwerera, mkuluyo anawauza kuti tizilombo ta m'kambalemo sitinali ta kafumbata, chomwe chinatupitsa dzanja ndi kansanza kakuda kaja. Pofuna kuwalimbitsa mtima anawonjeza kuti mankhwala a m'mapilitsiwo amachokera kwa abale a tizilombo ta m'timadontho totuwa tija.

Azakhali anaima pamsewu pomwepo.

"Ndiye mukuti ndimeze dothi lomwelo, bwana?"

Kunyumba anafumbata pilitsi mpaka linanyowa ndi thukuta, mwana wawo ali chiimire ndi kapu ya madzi. Analimeza atatsinzina, kenako anakhala pampando atagwira chibwano, kudikira.

Patatha masiku asanu dzanja linaphwa. Anapempha kuti awasinthe azikasesa m'maofesi, koma mkulu uja anawakanira, amvekere palibenso wina wotsuka timbale n'kuyera chomwecho. Anakhalabe pasinkipo zaka khumi ndi chimodzi.